Bokosi la Mavoti pa Msana wa Jinsaku

M'chaka cha 1928, pa 20 Febuluwale, amuna 214 a m'mudzi wa Kamitochi anaponya voti yosankha aphungu a Nyumba ya Malamulo. M'kaundula munali maina 261. Ambiri mwa otsalawo anali kutali, kumene amuna a kumapiri ankapita kukafulula mowa wa mpunga nyengo yozizira, ndipo atatu anali atamwalira kaundulayo atatsekedwa kale. Pa zisankho za mu 1924 ovota m'mudzi wonsewo anali 38 okha, chifukwa lamulo lakale linkalola okhawo okhoma msonkho wa ndalama zokwana mayeni atatu kapena kuposerapo. Lamulo latsopano linatsegulira khomo mwamuna aliyense wokwanitsa zaka 25. Mmodzi mwa amene analowa pa khomolo anali Hokari Jinsaku, wamtengatenga, wa zaka 53.

Jinsaku anabadwa mu 1874, mwana wachitatu wa munthu wolima munda wa eni. Kusukulu anakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anamumangirira chimango cha matabwa pamsana, nayamba kuyenda njira imene anadzaiyenda moyo wake wonse: kuchoka ku Kamitochi, kukwera mpata wa Karasugoe, ndi kutsetsereka mpaka ku Shiomachi, tauni ya kuchigwa kumene kunali njanji ndi maofesi a boma. Ulendowo ndi wa makilomita 22. Popita ankabereka makala ndi mapepala opangidwa m'mudzi. Pobwera, mchere, nsomba zouma, palafini ndi makalata. Mahatchi ankayenda njirayo kuyambira Meyi mpaka Novembala. Miyezi yotsalayo chipale chofewa chogwa kumwamba chinkakwirira nyumba mpaka m'madenga, ndipo chilichonse cholowa kapena kutuluka m'mudzimo chinkadzera pa msana wa munthu. Mu 1899 anakwatira Shige, mwana wa munthu wootcha makala. Anabereka ana anayi, koma anakula ndi awiri.

Amtengatenga a m'mapiri amenewo anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Katundu akamangidwa m'mawa sankamutula mpaka atafika, chifukwa munthu amene watula makilogalamu makumi asanu ndi limodzi pa chipale sangawadzutsenso yekha. Aliyense ankayenda ndi ndodo yaifupi yokhala ndi kamtanda kumutu. Akatopa ankaizika kumbuyo kwake, pansi pa chimango, ndipo kulemera konse kunkatsikira pa ndodoyo iye ali chiimire. Ankapuma choimirira, ankadya choimirira, ndipo achikulire ena ankatha kuwodzera choimirira.

Mudzi umene Jinsaku ankautumikira unali utang'ambika pakati. Zipani ziwiri zikuluzikulu za m'dzikomo zinali ndi maina ake m'nyuzipepala, koma ku Kamitochi anthu ankangoti "a kumtunda" ndi "a kumunsi", potengera kumene kunali nyumba za atsogoleri ake. A kumtunda ankatsogoleredwa ndi a Kazamaki Tokubei, mwini minda ndi golosale, munthu wathupi ndi wa mawu okweza. A kumunsi ankamvera a Obinata Rinzo, mphunzitsi wopuma, woonda, wa magalasi, amene ankayankhula ngati akuwerenga. Ometa tsitsi m'mudzimo anali awiri, wina wa kumtunda wina wa kumunsi. Mapampu ozimitsira moto analiponso awiri, ndipo mu 1922 nkhokwe ina inapsa mpaka phulusa anthu akukangana za pampu yoyenera kuthirapo madzi. Wamtengatenga wodalirika m'nyengo ya chipale ndiye anali mmodzi yekha, choncho mbali zonse ziwiri zinkangopirira kuti mchere wawo ubwere pa msana umodzi.

Lamulo linkafuna kuti wovota alembe yekha dzina la munthu amene akumufuna. Kwa masabata atatu Jinsaku ankaphunzira dzinalo polilemba ndi kamtengo m'phulusa la pamoto, ndipo Shige akayandikira ankalifafaniza ndi chikhatho. Pa tsikulo anabwereka malaya a ulemu kwa mkamwini wake, analowa m'chipinda cha ofesi ya mudzi, analemba, anapinda pepalalo, naliponya. Potuluka anauza mnzake wina kuti zaka makumi anayi akunyamula makalata a anthu ena, aka kanali koyamba kutumiza yake.

Kuvota kunatha 6 koloko madzulo. Bokosi linakhomedwa maloko awiri ndipo linamatidwa timapepala ta zidindo. Linkayenera kufika ku Shiomachi tsiku lotsatira lisanathe, likuperekezedwa ndi mkulu wa zisankho wa m'mudzimo, mboni ndi wapolisi. Mkuluyo anali meya wa mudziwo, koma anali ndi mwendo wodwala, choncho anamuimira ndi mlembi wamkulu, a Nagumo, munthu wachete amene ankalemba nthawi ya chilichonse m'kabuku kake. Mboni zinali a Kazamaki ndi a Obinata. Jinsaku anamuitana kuti adzayese kulemera kwa katundu, ndipo anakhala pansi pafupi ndi chitseko akuluwo akukambirana.

"Njira ndi imodzi," anatero a Kazamaki. "Tikwere Karasugoe, tikapumule kwa mayi Otoyo, tikaothe moto pang'ono, kenako titsetsereke."

Mayi Otoyo anali namfedwa amene ankayendetsa nyumba ya alendo pamwamba pa mpatawo. Nyumbayo anaimanga ndi matabwa a a Kazamaki, ndipo aliyense ankaidziwa kuti ndi ya a kumtunda.

"Tikaothe moto," anabwereza a Obinata, akupukuta magalasi. "M'nyumba imene mwapachikamo chithunzi cha munthu wanu pamwamba pa chitseko. Mwina bokosilo likamweranso tiyi kuchipinda ife tili panja kumanga nsapato."

"Aphunzitsi, mukundinena kuti ndine wakuba?"

"Sindinatchule munthu. Ndikungoti bokosi ili likalowa pansi pa denga limenelo, chidindo changa sichikhudza pepala lililonse, ndipo ndikakadandaula kukhoti. Tidzere njira ya kumtsinje. Kumeneko kuli nyumba ya tiyi ya alamu anga."

"Mwamva, a Nagumo? Denga langa ndi lakuba, la alamu awo ndi kachisi."

Mawu a a Obinata sanali ongoopseza. Mu 1924, m'mudzi wa kuseri kwa phiri, bokosi linagona m'nyumba ya alendo ya chipani china chifukwa cha mvula. Ogonja anapita kukhoti, mlandu unatenga chaka ndi theka, ndipo mapeto ake mavoti onse a mudziwo anawataya. Aliyense m'chipindamo ankaikumbukira nkhaniyo. Jinsaku ankaikumbukira kuposa onse, chifukwa ndi iye amene ananyamula zikalata za mlanduwo kangapo konse, osaganiza kuti zikumukhudza. Tsopano m'bokosimo munali pepala lake.

"Pepani mabwana," anatero ali pomwepo pa chitseko. "Kumtsinje ine sindidzerako. Dzana kunafunda, ndipo chipale cha m'matanthwe chalendewera. Chikungodikira munthu atsokomole. Wofuna kukakwiriridwa pamodzi ndi alamu ake apite yekha."

"Ndiye titani, a Jinsaku?" anafunsa a Obinata.

"Chaka chino ndasanduka 'a Jinsaku'. Ndikuthokoza, aphunzitsi." Anadzuka, anayandikira bokosilo, nalikweza pang'ono ndi dzanja limodzi. "Si katundu uyu. Mundimangirire mawa m'mawa pamaso panu nonse, mfundo yake muimate chidindo. Sindilitula mpaka ku Shiomachi, ndipo sindilowa nalo m'nyumba ya munthu aliyense. Wofuna kuligwira ayambe wandigwetsa."

"Tsiku lonse osatula?" anatero a Kazamaki. "Iwe Jinsaku, ukufuna kutionetsa chiyani?"

"Mchere wanu ndimautula kuti, bwana?"

A Nagumo analemba panganolo m'mizere itatu, ndipo mboni zonse ziwiri zinadinda. Pepalalo lilipobe m'mafayilo a ofesi ya mudzi. Likuti bokosi silidzachoka pa msana wa Hokari Jinsaku, silidzalowa pansi pa denga lililonse, ndipo silidzachoka pamaso pa mboni ziwirizo kufikira litaperekedwa.

M'bandakucha wa pa 21 Shige anamukonzera mpunga woumba ndi nsomba yamchere, namangirira nsapato zina zaudzu kumbali kwa chimango.

"Bambo a Miyo, anthu aja akukangana zawo, inu mwadziikiranji pakati?"

"Muli pepala langa m'menemo."

"Pepala limodzi."

"Limodzi lomwelo. Ukadakhala ndi lako bwenzi uli ndi mawu."

"Akadzatipatsa ifenso ndidzalinyamula ndekha pamutu," anatero Shige. "Muyendeko bwino. Musakaime nthawi yaitali pamphepo."

Kabuku ka a Nagumo kakuti ananyamuka 5 koloko ndendende. Kunkazizira kwambiri, ndipo zimenezo zinali zabwino, chifukwa pamwamba pa chipale panali pataumirira moti munthu ankayenda osatitimira. Jinsaku anali patsogolo. Pambuyo pake pankabwera wapolisi, munthu wa kunyanja amene anali atangokhala m'mudzimo miyezi inayi, kenako mboni ziwiri, ndipo a Nagumo anali kumapeto. Akayenda mapazi mazana awiri Jinsaku ankazika ndodo, kupuma kasanu, n'kupitirira. A Kazamaki, amene anali asanakwere mpatawo m'nyengo yozizira kwa zaka khumi ndi ziwiri, ankawefuka ngati mvukuto.

"Thupi limeneli ndi la mpunga wa anthu angati, a Kazamaki?" anafunsa a Obinata.

"Ndi la anthu amene anadya n'kukhuta. Inu chipani chanu chikudyetsani malonjezo, n'chifukwa chake mphepo ikukupindani."

"A Jinsaku," anatero a Obinata, "inu munavotera mbali iti? Tiuzeni tidziwe amene mukumunyamulira."

"Amene ndinamulemba, aphunzitsi. Yang'anani pansi, apa pali dzenje."

Nthawi ya 8:40 anafika pa kamtsinje kamene kankayenda pansi pa chipale. Jinsaku anayesa ndi ndodo malo amene ankawolokera nthawi zonse, ndipo anaoneka olimba. Koma kufunda kwa dzana kuja kunali kutadya chipalecho kunsi. Atafika pakati, mwendo wake wa kumanzere unabowola, nulowa m'madzi mpaka m'bondo. Anagwadira kutsogolo, anakoka mwendowo, nakwawa mpaka kutsidya, bokosi lili pamsana. Anawasonyeza anzakewo malo ena owolokera. Wapolisi anamuvula nsapato yonyowayo n'kumuveka ina, koma nsalu yokulunga phazi inali imodzi yokha, ndipo anangoifinya n'kuibwezera. Jinsaku sanadandaule. Munthu akamayenda, phazi lonyowa limadzifunditsa lokha.

Anafika pa mpata 11:15. Nthawi imeneyo thambo la kumadzulo linali litada, ndipo mphepo inayamba kunyamula chipale m'mwamba moti munthu sankaona mnzake wa mapazi khumi patsogolo. Kutsetsereka kwa ku Shiomachi kumayamba ndi kanjira kopapatiza ka m'mbali mwa phompho. Jinsaku anaima, anayang'ana, nanena kuti sangadutsepo mpaka mphepoyo itagwa.

"Igwa nthawi yanji?" anafunsa a Nagumo, pensulo ili m'manja.

"Ikatembenukira kumpoto. Mwina 2 koloko, mwina 3. Lowani m'nyumba, mabwana."

Mayi Otoyo anali atatsegula kale chitseko. Utsi ndi fungo la msuzi zinkatuluka. Jinsaku anapita pa mtengo waukulu wa mkungudza umene unali mapazi khumi ndi asanu kuchokera pa khomo, anaima kuseri kwake kumene mphepo inkachepa, anazika ndodo, natsamira.

"Achimwene, mwayamba misala?" anatero mayi Otoyo. "Zaka makumi awiri mukudya m'nyumba muno, lero mwaikana?"

"Si ine, mlongo. Ndi alendo ndaberekawa. Ali 214, ndipo sakumwa tiyi wa a kumtunda."

Apa mpamene panganolo linawatembenukira eni ake. Mzere wachitatu unkati bokosi lisachoke pamaso pa mboni ziwirizo. A Kazamaki akalowa kukaotha, a Obinata akanati mboni ya kumtunda yathawa ntchito. A Obinata akalowa, akanakhala kuti aponda m'nyumba imene anali asanapondemo zaka khumi ndi zisanu. Anayesa kusiya chitseko chotsegula kuti aziona ali m'kati, koma chipale chinayamba kudzaza chipinda, ndipo mayi Otoyo anati nyumba yawo si khola. Pamapeto pake akuluakulu awiriwo anaima pa khonde, wina kumanja kwa chitseko wina kumanzere, atafunda mabulangete, akuyang'ana msana wa wamtengatenga.

Ola loyamba linatha. Mayi Otoyo anabwera ndi mbale ya msuzi, ndipo Jinsaku anamwa choimirira. Kenako mayiwo anagwada m'chipale, namasula nsapato ya kumanzere kuti akulunge phazilo ndi nsalu youma. Analiyang'anitsitsa phazilo, natsina zala zake.

"Zala ziwiri zayera, achimwene. Chaching'ono ndi chinzake. Mukundimva ndikamatsina?"

"Ayi."

"Ndiye mukudziwa tanthauzo lake. Zikufunika madzi ofunda tsopano lino, osati madzulo."

Jinsaku ankadziwa. Anali ataonapo amtengatenga anayi akutaya zala, ndipo mmodzi anataya phazi lonse. Ankadziwanso kuti kuthira madzi ofunda panja, kenako n'kuimanso pamphepo, kukanangoonjezera vutolo. Phazilo linkafunika nyumba.

Mayi Otoyo anadzuka napita pa khonde. Sanakweze mawu. "Aphunzitsi, munthu uja akutaya zala chifukwa cha denga langa. Dengali ndi la udzu wamba, silidziwa kulemba. Muloleni alowe."

A Obinata anatsika pa khonde, nayenda mpaka pa mtengo. A Kazamaki ndi a Nagumo anawatsatira. Milomo ya mphunzitsiyo inali itachita bii ndi kuzizira.

"A Jinsaku, lowani. Sindine nyama ine. Mulowe nalo, mukhale pafupi ndi moto, ine ndikhala pambali panu."

"Zikomo, aphunzitsi. A Nagumo alembe kuti mwalola, inu mudinde."



"Ndanena pamaso pa anthu anayi. Sizikukwana?"

"Kwa ine zikukwana. Koma munthu wanu akagonja, akuluakulu anu a ku Shiomachi adzakufunsani kuti bokosi linaima kuti. Mudzawauza kuti linakhala maola atatu kwa mayi Otoyo. Iwo adzatenga pepala la dzulo lija, lili ndi chidindo chanu, n'kupita nalo kukhoti. Mudzawaletsa?"

"Ndidzayesa."

"Mukadinda, sipafunikanso kuyesa."

A Obinata anapisa dzanja m'malaya, pamene panali kachikwama ka chidindo, ndipo dzanjalo linakhala momwemo. Anali munthu woona mtima mwa njira yake, ndipo ankadziwa kuti akadinda, a kumunsi adzamunena mpaka imfa kuti anagulitsa bokosi pa mbale ya msuzi. Anatulutsa dzanjalo lili lopanda kanthu.

"Taonani mphunzitsi wa ana athu," anatero a Kazamaki.

"Nanunso musadzitame, bwana," anatero Jinsaku. "Tikanakhala kwa alamu awo, chidindo chanu bwenzi chitazizira chimodzimodzi."

"Iwe, zala ndi zako. Ine ndikukuuza kuti lowa. Akadandaula adandaule, tikaonana kukhoti."

"Kukhoti mudzapita ndinu, pa sitima, mutavala bwino. Mapepala otayidwa adzakhala athu." Anasuntha phazi la kumanja, nakonza ndodo. "Bwererani pa khonde, mabwana. Mukunditchingira mphepo, ndipo ndikufuna kuimva ikatembenuka."

Anabwerera. Mayi Otoyo anaotcha miyala iwiri, anaikulunga m'nsanza, naiika m'malaya mwake pa mimba, kenako anaunjika udzu wouma kuzungulira miyendo yake mpaka m'maondo. Pochita zimenezo ankamutukwana pang'onopang'ono, kumutchula chitsa, mutu wa mwala, ndi mwamuna amene Shige anamutola chifukwa chosowa. Jinsaku ankangovomera. Ankaponda pansi ndi phazi limodzi kenako linalo, akuwerenga mpaka zana n'kuyambiranso. Sankaganiza za aphungu kapena za Nyumba ya Malamulo, imene anali asanaionepo ngakhale pa chithunzi. Ankaganiza za amuna amene anawaona dzulo pa mzere: wootcha makala amene anatsika m'phiri maola atatu, nkhalamba ina imene inaberekedwa ndi mwana wake, ndi mnzake wa ubwana amene anathyola pensulo polemba. Onsewo anali kumbuyo kwake, ndipo sankalemera ngakhale theka la thumba la mchere.

Nthawi ya 2:10, malinga ndi kabuku ka a Nagumo, chipale chimene chinkamumenya tsaya la kumanzere chinayamba kumumenya pamphumi. Anazula ndodo.

"Tiyeni. Tili ndi maola anayi a kuwala, ndipo theka lake ndi lobwereka."

Pa kanjira ka m'mbali mwa phompho anamangana chingwe. Panabuka kamkangano ka amene agwire chingwe cha kumbuyo kwa bokosi, chifukwa mboni iliyonse sinkafuna kuti inzake iyandikire. Wapolisi anachilanda, nachimanga m'chiuno mwake. Jinsaku sankamvanso pamene phazi la kumanzere likuponda, choncho ankayang'ana pansi pa sitepe iliyonse, kuliika ndi maso ngati chinthu cha munthu wina. Anagwa kawiri. Kachiwiriko anatsetsereka chagwada mpaka chingwe chinakungika, ndipo anakhala kanthawi nkhope ili m'chipale. A Kazamaki anatambasula dzanja kuti amukoke ndi chimango.

"Musagwire bokosi, bwana. Gwirani dzanja."

Anamukoka ndi dzanja. Kuchokera pamenepo palibe amene anayankhulanso za zipani. A Obinata anataya galasi limodzi la magalasi awo ndipo sanaime kulifunafuna. Atatsika m'nkhalango, njira inafutukuka, ndipo mdima utangoyamba anaona nyali za pa siteshoni.

Anafika pa holo yowerengera mavoti 6:40 madzulo. Mabokosi a midzi ina khumi ndi isanu ndi umodzi anali atafika kale, ndipo la ku Kamitochi linali lomaliza. Jinsaku anaima pa khomo mpaka mkulu wa holoyo atatuluka ndi nyali. A Nagumo anapereka zikalata, kuphatikizapo pangano la mizere itatu lija. Mkuluyo analiwerenga kawiri, anayang'ana wamtengatengayo, kenako anaunika maloko, timapepala ta zidindo ndi mfundo ya chingwe. Zonse zinali zosakhudzidwa.

"Kodi mboni zili ndi dandaulo lililonse pa kayendedwe ka bokosi ili?"

"Palibe," anatero a Kazamaki.

Mkuluyo anatembenukira kwa a Obinata. Iwo anatulutsa kachikwama kaja, koma zala zawo zinali zitauma moti analephera kukatsegula, ndipo anawatsegulira ndi a Nagumo.

"Palibe," anatero. "Lembaninso kuti silinatulidwe."

"Palibe malo olembapo zimenezo pa fomu iyi."

"Lembani m'mphepete."

Anadinda onse awiri. Mfundo ya chingwe inali itaundana, choncho anachita kuidula ndi mpeni. Bokosi litachoka, Jinsaku anapepuka mwadzidzidzi mpaka anadzandira chakutsogolo, ndipo wapolisi anamugwira. Linali litakhala pa msana wake maola khumi ndi atatu ndi mphindi makumi anayi. Anapempha kuti asamukhazike pansi msanga, chifukwa sankakhulupirira kuti angadzukenso, koma anamukhazika, ndipo anatuma munthu kukaitana dokotala.

Bokosilo analitsegula pa 22 Febuluwale. Munapezeka mapepala 214, mogwirizana ndi kaundula, ndipo onse analowa m'chiwerengero cha chigawocho kupatula asanu ndi limodzi amene sankawerengeka. Jinsaku anafunsa a Nagumo ngati lake linali pakati pa asanu ndi limodziwo. A Nagumo anayankha kuti palibe njira yodziwira, koma anamufotokozera mmene onsewo ankaonekera: awiri anali opanda kanthu, atatu anali ndi maina a anthu osapikisana nawo, ndipo limodzi linali ndi pempho la mlatho. Jinsaku anati palibe lake pamenepo. Dandaulo lochokera ku Kamitochi silinapite kukhoti.

Dokotala wa ku Shiomachi anamudula zala ziwirizo pa 9 Malichi, ndipo anabwerera kwawo pa hatchi yoyamba ya mwezi wa Meyi. Mu Juni anayambiranso kunyamula mchere. Ananyamulanso bokosi la mavoti mu Febuluwale 1930 ndi mu Febuluwale 1932, ndipo maulendo onse awiriwo mboni zinadinda asananyamuke kuti likhoza kupumira kwa mayi Otoyo. Anasiya ntchito mu 1935, namwalira pa 3 Disembala 1941 ali ndi zaka 67.